Zigoba za Abwa: chathabwa chinatchuka, chamasamba chimafa tsiku lomwelo

Mukalemba mawu oti "Bwa mask" pa Google n'kudina pa zithunzi, foni yanu idzaza ndi chinthu chimodzi: thabwa lalitali, lina loposa msinkhu wa munthu, lojambulidwa timabokosi takuda ndi toyera ngati bolodi ya drafuti. M'munsi mwake muli nkhope yozungulira ya maso ngati a kadzidzi, ndipo cha pamphumi patuluka chingowe chokhota ngati mlomo wa mbalame. Zigoba zotere zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ku New York, ku Paris ndi ku Chicago. Ogulitsa zokongoletsera m'nyumba amasemetsa zongofanizira n'kumazitsatsa pa intaneti, ndipo aphunzitsi a zojambulajambula m'maiko akutali amauza ana a sukulu kuti adule makatoni apange zawo.

Ukachiona koyamba umangoti ichi ndiye chakalekale, cha makolo a makolo. Komatu ayi. Kwa eni ake, chigoba chathabwachi ndi mlendo. Chinafika m'midzi yawo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo chinachita kugulidwa kwa anthu a mtundu wina. Chigoba chawo chakale ndi china, chimene simungachipeze chitapachikidwa pakhoma kulikonse padziko lapansi, chifukwa chimapangidwa m'mawa ndi masamba aawisi ndipo pofika madzulo chimakhala chatha.

Anthu opanda mfumu yaikulu

Abwa amakhala kumadzulo kwa dziko la Burkina Faso ndi mbali ina ya Mali yoyandikana nako. Chilankhulo chawo ndi Bwamu. Kumpoto kwa dera lawo kuli tauni ya Dédougou, kummwera kuli Houndé ndi midzi monga Boni, Dossi, Bagassi ndi Pa. Mudzi wa Boni uli m'mbali mwa msewu waukulu wochoka ku likulu la dzikolo, Ouagadougou, kupita ku Bobo-Dioulasso. M'mabuku akale a Azungu anthuwa ankalembedwa kuti Bobo-Oulé, dzina lomwe amalonda achi Jula anawapatsa, moti kwa zaka zambiri zigoba zawo zinkaikidwa m'gulu la zigoba za Abobo, womwe ndi mtundu wina wa chilankhulo chinanso.

Ndi alimi. Amalima mapira, mchewere, chimanga ndi mtedza, koma mbewu yomwe imawabweretsera ndalama ndi thonje, ndipo dera lawo ndi limodzi mwa madera amene Burkina Faso imadalira pa ulimi umenewu. Kupatula alimi, m'mudzi mumakhala mabanja a osula zitsulo, omwe ndiwonso amasema zigoba, ndi mabanja a oimba, omwe amaomba ng'oma komanso kuluka nsalu. Ntchitozi ndi zobadwa nazo.

Mwa chikhalidwe chawo Abwa analibe mfumu yaikulu yolamulira midzi yonse. Mudzi uliwonse unkadziyendetsa wokha kudzera mwa akuluakulu a mabanja. Ufulu wotere umakoma, koma uli ndi funso lake: popanda mfumu, n'chiyani chimamanga anthu pamodzi? Kwa Abwa yankho linali Do.

Do ndi masamba

Nthano yawo imati Mulungu, yemwe amamutcha Difini kapena Dobweni, atalenga dziko ankakhala pafupi ndi anthu. Tsiku lina mayi wina akusinja anakweza munsi kwambiri n'kumugunda nawo. Mulungu anachoka, napita kutali. Koma sanawasiye okha anthuwo: anatuma mwana wake, Do, kuti akhale mkhalapakati. Do ndiye mwini thengo ndi mphamvu yake yonse, mvula, zomera, nyama, mankhwala. Mawu ake amamveka kudzera mu kachitsulo kophwatalala komangiriridwa ku chingwe, kamene munthu akakazunguza m'mwamba kamalira ndi liwu lakuya loti ukalimva usiku tsitsi limaima.

Chigoba cha Do chimatchedwa bieni. Amuna amapita kuthengo m'mamawa, kutali ndi maso a anthu, n'kuthyola masamba ndi zingwe za mitengo yoyanga. Masamba ambiri amakhala a mtengo wa shea, womwe uja dzina lake mumaliona pa mabotolo a mafuta odzola. Wovinayo amamukulunga ndi zingwezo thupi lonse, kenako amasomeka timitolo ta masamba mpaka osaonekanso khungu ngakhale pang'ono. Pamutu amaikapo chisoti cha udzu wouma kapena nthenga. Chomwe chimatuluka m'thengomo si munthu wovala masamba. Ndi thengo lenilenilo lomwe lanyamuka kudzacheza kumudzi.

Chigobacho chimayenda m'tinjira ta m'mudzi, chimadutsa m'makomo, chimavina, ndipo anthu amakhulupirira kuti masambawo amatola litsiro lonse lomwe mudzi waunjika pachaka, mikangano, zolakwa, matsoka. Dzuwa likamapendeka chimabwerera kuthengo. Kumeneko amachimasula, masamba n'kuwonongedwa. Mawa kukafunikanso chigoba, athyola ena.

Taganizani wogula zinthu zakale wochokera ku Paris ataima pamenepo ndi ndalama zake m'thumba. Agula chiyani? Mulu wa masamba ofota? N'chifukwa chake dziko lakunja silikudziwa bieni. Chimene sichingalowe m'bokosi n'kukwera sitima sichilowanso m'mbiri yomwe ena amalemba za inu.

Zaka zomwe Do anaoneka ngati wagona

Zaka za m'ma 1800 zinali zowawa kwa Abwa. Midzi yopanda gulu lalikulu la nkhondo inali nyama yosavuta kwa maufumu oyandikana nayo. Ankhondo a Abamana ndi a Afulani ankabwera kudzalanda ziweto ndi chakudya, n'kugwira anthu kukawagulitsa ukapolo. Cha mu 1897 Afalansa anafika, ndipo nawo anabwera ndi msonkho ndi thangata. Pamwamba pa zonsezi panali chilala, dzombe ndi matenda.

Katswiri wa mbiri ya zaluso Christopher Roy wa ku University of Iowa, yemwe anayamba kuyenda m'dzikolo cha m'ma 1970 ndipo anamwalira mu 2019, analemba zomwe akuluakulu a midzi ya kummwera anamufotokozera. Mabanja ena anaona ngati Do wawataya. Atayang'ana kum'mawa anaona anansi awo, Anuna ndi Awiniama, omwe ankaoneka kuti zikuwayendera bwinoko. Anansiwo anali ndi zigoba zamtengo. Tsono mabanjawo anapita kukapempha, nalipira, ndipo anapatsidwa chilolezo chosema ndi kuvala zigobazo, pamodzi ndi zovala zake, nyimbo zake ndi kavinidwe kake. Mzimu wa zigoba zatsopanozi amautcha Lanle.

Apa mpomwe nkhaniyi imandikoka mtima. Awa sanali anthu otengeka ndi fashoni. Anali makolo omwe ana awo ankagwidwa, nkhokwe zikupsa, ndipo anachita zomwe kholo lililonse limachita mwana akadwala mankhwala a pakhomo n'kukanika: anagogoda kwa neba. Lero timakonda kukamba za chikhalidwe ngati mwala womwe unagwa kuchokera kumwamba uli momwemo. Akuluakulu a ku Boni ndi ku Dossi sankachiona choncho. Kwa iwo funso linali loti kodi chithandiza.

Mavutowo sanathere pomwepo. Mu 1915, Afalansa atayamba kugwira anyamata mokakamiza kuti akamenye nkhondo yoyamba ya dziko lonse, midzi ya Amarka, Abwa, Anuna ndi mitundu ina inagwirizana n'kuukira. Nkhondoyo, yomwe imatchedwa ya Volta-Bani, ndi imodzi mwa nkhondo zikuluzikulu zomwe atsamunda achifalansa anakumana nazo kumadzulo kwa Africa. Anaithetsa ndi mizinga, midzi yambiri n'kuphwasulidwa. Mlembi wachibwa Nazi Boni anaikamo nkhondoyi m'buku lake la mu 1962 lotchedwa Crépuscule des temps anciens, ndipo lero yunivesite ya boma ya ku Bobo-Dioulasso imadziwika ndi dzina lake.

Thabwa lomwe limaphunzitsa

Chinthu chogula chimasanduka chako ukachigwiritsa ntchito mwa njira yako. Abwa anatenga zigoba za anansi awo n'kuzikulitsa, kuzitalikitsa ndi kuzidzaza zizindikiro. Chigoba chathabwa chija amachitcha nwantantay. Amachisema kuchokera ku mtengo umodzi wopepuka, kawirikawiri wa Ceiba, womwe umabala usufu. Kupepukako n'kofunika, chifukwa wovina amachigwira ndi mano. Kumbuyo kwa nkhope kumakhala chingwe chokhuthala chimene iye amaluma, ndipo amaonera pa bowo la pakamwa pa chigobacho. Thupi lonse limabisika m'chovala cha luzi lochokera ku chomera china cha mtundu wa therere, lonyikidwa mu utoto wofiira kapena wakuda.

Mitundu ndi itatu basi: woyera, wakuda ndi wofiira. Kale wofiira unkachokera ku mwala wopera, wakuda ku zikhokhombe za mtengo wa minga zowiritsa. Masiku ano ena amangogula penti m'sitolo, ndipo okonda zinthu zakale ku Ulaya amadandaula nazo kuposa eni ake.

Tsono zojambula zija si zokongoletsa chabe. Timabokosi takuda ndi toyera timaimira zikopa za mbuzi zomwe anthu amakhalira pa miyambo. Chikopa cha mnyamata yemwe wangolowa kumene chimakhala choyera, chatsopano. Cha mkulu chimakhala chitada ndi utsi, thukuta ndi zaka. Choncho choyera ndi umbuli, chakuda ndi nzeru. Imani kaye pamenepa. Ambirife tinakula ndi zithunzi za m'mabuku zomwe zimati kuyera ndiye kudziwa, mdima ndiye umbuli. Kwa Abwa n'zotembenuza, ndipo chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense amene anaonapo mpando wa agogo: chinthu chimada chifukwa chakhalitsa pantchito.

Mzere wokhotakhota umatchedwa njira ya makolo. Sunawongoke dala. Ukunena kuti kutsata zomwe makolo anasiya n'kovuta, munthu amapatuka, amabwerera, amapatukanso, koma njira ndi yomweyo. Chizindikiro chonga X chimafanana ndi mphini zomwe anthu olowa mwambowu ankatemedwa pamphumi. Mizere yozungulira ija ena amati ndi maso a kadzidzi, ena amati ndi zitsime zopatulika zomwe siziphwa. Chingowe chokhota ndi mlomo wa mbalame ya mtundu wa nang'omba, yomwe amaiona ngati yodziwa za dziko losaoneka. Kamwezi kapamwamba kamakumbutsa nyengo yomwe chinamwali chimachitika.

Ndipo matanthauzowa sali ofanana paliponse. Banja lina lifotokoza mwina, mudzi wina mwina, ndiponso zomwe amauzidwa wachinyamata si zonse zomwe mkulu amadziwa. Ndiye mukaona positi ya pa Facebook yomwe yandandalika kuti chizindikiro ichi chimatanthauza ichi basi, muziitenga ngati chiyambi chabe.

Pachinamwali akuluakulu amagoneka zigobazo patsogolo pa achinyamata n'kumaloza chizindikiro chimodzichimodzi, monga mphunzitsi amachitira pa bolodi. M'mabanja a zigoba zamtengo, anyamata ndi atsikana omwe amaphunzira matanthauzowa. Ovala zigoba ndi amuna, koma amayi sathawa. Amaimba, amaomba m'manja, amavina pambali pa chigoba cha banja lawo, ena n'kumachikonzera luzi likasokonekera.

Wowerenga wa kuno kwathu waganiza kale za Gule Wamkulu, ndipo n'zosadabwitsa. Koma awa ndi miyambo iwiri yosiyana ya anthu otalikirana kwambiri, ndipo malamulo a wina sagwira kwa mnzake. Pomwe akukumana ndi apa: onse awiri amalandira zachilendo n'kuzisandutsa zawo. Bwalo lomwe linapezera malo Simoni, Maliya ndi galimoto silingadabwe kumva kuti ku Boni anagula chigoba kwa anansi.

Njoka ya ku Dossi

Si zigoba zonse zomwe ndi mathabwa oimirira. Pali za njati, ng'ona, nsomba, mphalapala, anyani, ndi fisi, yemwe amavina mwauve ndi mwaphuma kuti anthu aone khalidwe losafunika. Pali zotambasuka cham'mbali ngati mapiko: cha kabawi ndi cha gulugufe. Cha gulugufe chimatha kutambasuka kuposa mikono ya munthu wamkulu, ndipo mapiko ake amadzaza ndi mizere yozungulira. Chifukwa chake mlimi aliyense achimva: agulugufe amatuluka ambirimbiri mvula yoyamba ikangogwa, ndiye kuwaona n'kuona dzinja.

Chachitali kuposa zonse ndi cha njoka, chomwe chimaposa mamita anayi. Chigoba chilichonse chili ndi nkhani ya momwe kholo lina la banjalo linakumanirana ndi mzimu, ndipo ya njoka imachokera ku Dossi. Amati amuna a m'mudziwo anapita kukaukira mudzi wina, koma anapeza eni ake atawabisalira. Pothawa, mkulu wina analowa kuuna wa chinjoka chachikulu. Anachipempha kuti chisamuphe, ndipo njokayo inamusunga n'kumamudyetsa mpaka kunja kutachita bata. Atabwerera kwawo, woombeza ula anamuuza kuti aseme chigoba cholemekeza njokayo. Onani kuti nkhaniyi sibisa kuti kholo lawo linapita kukachita zoipa, linagonja, ndipo linapulumuka chifukwa cha chifundo cha nyama yomwe anthu amaipha akangoiona.

Zithunzi sizingakuuzeni kuti zinthuzi zimavina bwanji. Funani mavidiyo a ku Boni pa YouTube, bandulo ikalola. Zitoliro zikulira, ng'oma ndi mangolongondo zikuyankha, fumbi lili koboo, ndiye thabwa lija lomwe mu myuziyamu limangoti chilili likupotokola uku ndi uku mwaliwiro loti timabokosi tija timasanduka utsi. Cha kabawi chimazungulira ngati chikufuna kuuluka. Cha njoka chimagwedezeka kuchokera kumutu mpaka kunsonga. Zonsezi munthu akuzichita ndi khosi ndi mano.

Mkangano wa pachibale

Musaganize kuti onse anasangalala ndi zigoba zatsopanozi. Mabanja omwe anakhalabe ndi Do ankaona anzawowo ngati otaya mwambo, ogula milungu pamsika. A zigoba zamtengo nawo ankaona a masamba ngati otsalira. M'midzi ina ya kummwera magulu awiriwa sankavina pabwalo limodzi, ndipo Roy analemba kuti nthawi zina zinkafika pomenyana. Kumpoto midzi yambiri inakhalabe ndi masamba ake.

Kusiyana kwake n'kozama kuposa mtengo ndi tsamba. Chigoba cha Do n'cha mudzi wonse, chimafanana chaka ndi chaka, ndipo palibe angachisunge m'nyumba n'kumati n'changa. Chigoba chamtengo n'cha banja. Chimanena mbiri ya banjalo, ndipo mabanja amapikisana: chathu chitalike kuposa chawo, nyimbo yathu iwalase, anyamata athu avine mpaka atsikana a tsidya lija aiwale kwawo. Mpikisanowu ndiwo unakulitsa luso lomwe dziko likulisirira lero. Ndiwonso unagawa midzi. Ine sindiona chifukwa chosankhira mbali, koma ndimaona kuti dziko lakunja linasankha kale, ndipo linasankha chifukwa choti china chimanyamulika.

Kuchoka pabwalo kupita pakhoma

Lipoti lomwe Felwine Sarr ndi Bénédicte Savoy anapereka kwa mtsogoleri wa dziko la France mu 2018 linati m'nyumba za boma zosungiramo zinthu zakale m'dzikolo muli zinthu pafupifupi 90,000 zochokera ku Africa ya kummwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo zambiri mwa izo zili ku Musée du quai Branly ku Paris. Zigoba za Abwa zinatuluka m'njira zosiyanasiyana. Zina zinatengedwa nthawi ya atsamunda, zina zinabedwa, zina eni ake anagulitsa chakale atasema chatsopano, ndipo zina zinasemedwa dala kuti zigulitsidwe kwa alendo. Amisiri a m'derali akhala akusemera mabanja komanso msika kwa zaka zambiri, ndipo munthu wodyetsa ana ake ndi sompho sitingamuimbe mlandu.

Chomwe chimatayika panjira ndi china. Pakhoma la myuziyamu pamafika thabwa lokha. Luzi latsala, nyimbo yatsala, dzina la banja nthawi zambiri latsala, ndipo kachikwangwani kamangoti msemi sakudziwika. Kumudzi ankamudziwa.

Achinyamata ena a ku Burkina Faso anaona kuti akangokhala chete zigoba zidzatsala m'mabuku a alendo. Mu 1996 gulu la ophunzira linayambitsa bungwe la ASAMA, lomwe linakhazikitsa chikondwerero cha zigoba chotchedwa FESTIMA ku Dédougou. Pachikondwererochi pamabwera magulu ochokera m'midzi yambiri ya m'dzikolo ndi m'maiko ena monga Mali, Benin ndi Togo, ndipo zigoba za masamba, za luzi ndi za mtengo zimaonekera m'bwalo limodzi pamaso pa anthu okhala ndi mafoni m'manja. Ena amafunsa ngati chigoba chovinira alendo chikadali chopatulika. Funsolo n'lomveka, ngakhale kuti ku Boni zigoba zakhala zikuvina pa masiku a msika m'chilimwe, anthu akumwa mowa wa mapira, kuyambira kale chikondwererochi chisanabadwe.

Chiopsezo chachikulu lero si kamera. Kuyambira cha mu 2015 Burkina Faso ili pankhondo ndi magulu a zigawenga, ndipo chigawo chomwe kuli Dédougou ndi chimodzi mwa zomwe zakhudzidwa: anthu aphedwa, sukulu zatsekedwa, mabanja athawa m'midzi yawo. Kummwera, ku Houndé ndi ku Bagassi, kunatsegulidwa migodi ikuluikulu ya golide, ndipo mnyamata yemwe akanakhala pachikopa choyera kumvera akuluakulu ali ndi kwina kopita. Banja lothawa likhoza kunyamula nwantantay pangolo. Bieni imafuna thengo la kwanu, mitengo yomwe mukuidziwa, ndi mudzi woti muyeretse.

Chikhristu ndi Chisilamu nazo zinalowa m'derali kalekale, ndipo mabanja ena anasiya zigoba. Koma nakonso nkhani sinayende mowongoka. Ku Boni, tchalitchi cha Katolika chili ndi khoma lakumaso lomwe linamangidwa ngati chigoba chathabwa chachikulu, timabokosi takuda ndi toyera tili pomwepo, ndipo Lamulungu lililonse anthu amadutsa pansi pake polowa ku Misa.